Njerwa za ng'ombe za alamu anga

Alamu anga, amuna awo a akulu anga, anali oumba njerwa. Mumsewu mwathu muja dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi anthu ochepa. Aliyense ankangoti Achikombole, chifukwa chikombole chawo chamatabwa sichinkachoka paphewa. Ine ndine telala, ndipo masiku amenewo ndinkasokera pakhonde la nyumba yoyandikana ndi yawo, pakati pali kampanda kofika m'chiuno. Ndiye zambiri zimene ndinenezi ndinaziona ndekha, phazi lili pamakina.

Anali munthu wamfupi, wamapewa otambalala, zikhatho zong'alukang'aluka ngati pansi pa dziwe louma. Nyumba zambiri zakale za mumsewumo zinamangidwa ndi njerwa zawo, ndipo tikamayenda limodzi ankaima n'kumenya khoma la eni ake ndi chikhatho, amvekere, "Iyi ndi yanga iyi. Imvani kulira kwake." Ziweto sankazifuna n'komwe. Nkhuku za akulu anga zikaponda njerwa zaziwisi n'kusiyapo mapazi, tsiku lonse linali la madandaulo.

"Ine chinthu chongodya osagwira ntchito sindigwirizana nacho," ankatero, maso ali kwa ine.

"Mukunena nkhuku kapena mlamu wanu?"

"Ndatchula munthu ine?"

Zinthu ziwiri zinawagwera chaka chimodzi. Msana unayamba kukana, moti akawerama m'dzenje la dothi, kuweramuka kwake kunali kogwira m'chiuno ndi kukukuta mano. Kuchipatala anawauza kuti zonyamula dothi azisiye. Posakhalitsa akulu awo anamwalira n'kusiya ng'ombe zingapo, ana onse ali pantchito kutali. Abale atakhala pansi anati ng'ombezo zipite kwa Achikombole, poti kuseri kwa nyumba yawo kunali malo, ndipo kumapeto kwa msewu wathu kunali dambo lalikulu kumene ena ankadyetsako kale ziweto.

Ng'ombe zinafika nthawi yamvula, msipu uli wobiriwira mpaka m'mawondo. Zinali zonenepa, zikopa zikuchita kunyezimira. Alamu anamanga khola, ndipo patapita milungu ingapo anayamba kudzitama.

"Kuweta n'kumeneku? Kutsegula khola m'mawa, kutseka madzulo. Anthu amadandaula chiyani?"

Kenako mvula inatha, kunayamba kuzizira. Mphepo yake inali yong'amba milomo, ndipo udzu wa kudambo unasanduka wotuwa, wouma ngati tsache. Alamu anatuta mapesi m'minda ya anthu n'kuwaunjika pafupi ndi khola. Ng'ombe zinkadya ndithu, mimba zili tantha, koma nthiti zinayamba kuonekera, mafupa a m'chiuno n'kutuluka moti ukanatha kukolekapo chipewa. Ubweya unayimirira. Popita kudambo zinkayenda ngati zikuchokera kumaliro.

M'mawa wina ng'ombe yaikazi imene ankaitcha Mawanga inalephera kudzuka. Anaikoka mchira, anaikankha, inangowayang'ana. Ndinaona alamu atatsamira kampanda kaja, chipewa chili m'manja.

"Mlamu, makina anuwo angasoke masaka?"

Aka kanali koyamba kundipempha kanthu popanda nthabwala. Ndinasiya diresi la mwini wake lili theka, ndinalumikiza masaka okhuthala mpaka singano ziwiri kuthyoka. Amuna a mumsewu anazika mitengo, anadutsitsa masakawo kunsi kwa mimba ya Mawanga n'kuikweza kuti iime. Inalendewera pamenepo ngati chovala chapachingwe.

Tsiku lomwelo masana kunabwera alangizi a ziweto, ataitanidwa ndi akulu anga. Anali mayi wamtali, wovala majombo, woyenda pa njinga yamoto yolira ngati chigayo. Anaiyang'ana Mawanga m'kamwa ndi m'maso, anaphwanya ndowe youma ndi phazi, anatola phesi limodzi n'kulithyola.

"Bambo, matenda palibe. Ng'ombe zanuzi zikukhuta koma sizikudya."

"Kukhuta osadya? Mayi, ndakalamba chonchi zimenezo sindinazimvepo."

Alangizi anaseka, n'kukhala pa chitsa. Anafotokoza kuti udzu ukauma umatsala wopanda zomanga thupi, zimene iwo ankati mapuloteni. M'mimba mwa ng'ombe muli tizilombo tabwino timene timagaya udzu, ndipo tikasowa zomanga thupizo timafooka, udzu n'kumangokhala m'mimbamo ngati thonje la m'pilo. Ng'ombe sifuna zambiri, anatero, ingopeza pang'ono tsiku lililonse, udzu womwewo uyamba kugwira ntchito.

"Zakudya za ziweto zakusitolo zija ndinakaziona," anatero alamu. "Nditamva mtengo ndinatuluka chobwerera m'mbuyo."

"Zakusitolo zisiyeni. Zambiri zili pompano, anthu akungotaya."

Anawauza za masangwe a mtedza amene anthu ankawotcha akatha kukolola, za masamba a nandolo ndi a lukina oumitsa pamthunzi, za madeya a kuchigayo, ndi zotsala za mpendadzuwa kumene amayenga mafuta, zimene amazitcha keke. Akulu anga atamva mawu oti keke anati ng'ombezi ndiye zapeza banja labwino, iwo chikwatiwire keke sanaionepo.

Kuyambira pamenepo alamu anakhala munthu wa wilibala. Msana unkawalola kukankha, bola osanyamula. Ankazungulira m'minda kupempha masangwe, ankapita kuchigayo ndi koyengera mafuta, n'kubwera atayera mutu ndi madeya. Mawanga ankaidyetsa pamanja, akuilankhula motsitsa mawu kuti ife tisamve. Patapita masiku inayamba kuponda pansi ndi mphamvu, kenako anamasula masaka aja ndipo inayenda yokha mpaka pomwera madzi. Alamu anapita kuseri kwa khola, anakhalitsako, pobwera anati utsi wa kwa aneba wawalowa m'maso.

Vuto linali loti chakudya chomwazacho mphepo inkachiulutsa, ndipo ng'ombe zamphamvu zinkatha zonse, zofooka n'kutsala zikunyambita pansi. Alangizi atabweranso anati pali njira ina. Kusakaniza madeya, keke, mchere, molasesi, amene ndi madzi akuda onata otsala popanga shuga, kuthirako yureya pang'ono, feteleza woyera uja, ndi kasimenti kogwirizitsa, kenako n'kuumba chibuma choti ng'ombe zizinyambita pang'onopang'ono.

"Mwati kuumba?" anafunsa alamu.

"Eya, kuumba. Muli ndi poumbira?"

Alamu analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chikombole, akuchipukuta fumbi ndi malaya.

Musaganize kuti zinangotheka. Alangizi anati yureya ayambe aisiya mpaka atapeza kalimbidwe koyenera, ndipo ananena zoona. Njerwa zoyamba alamu anaziumba ngati zomangira nyumba. Simenti anathira mowolowa manja, n'kuziyanika padzuwa. Ng'ombe zinanyambita mpaka kutopa, osachotsapo kanthu. Imodzi mwa njerwazo ndinaitenga ine, ndinkatsekera chitseko kuti chisamamenyeke ndi mphepo. Zachiwiri zinafewa kwambiri, mfule imodzi inangoluma n'kumeza theka lonse. Alangizi ankabwera Loweruka, awiriwo n'kugwada pakhonde, manja ali bii ndi molasesi, akukangana ngati ana oumba zidole. Pomaliza anagwirizana kuti njerwa yabwino ndi imene ukaisindikiza ndi chala chachikulu pamatsala kachizindikiro koma chala osalowa, ndiponso iziuma pamthunzi.

Amene anavutika ndi akulu anga. Beseni lawo lochapira linapita, chipande chachikulu chinapita, khonde lonse linadzaza njerwa zakuda zondandalikidwa m'mizere, ndipo njuchi zinasamukira pakhomopo.

"Inu bambo, ndinakwatiwa ndi munthu kapena fakitale?"

"Mayi, pirirani. Mudzadya nyama."

"Nyama yake iti, poti ng'ombe zonse mwazitcha maina?"

Chaka chimenecho ng'ombe zinatuluka m'nyengo yozizira zili ndi mnofu. Abutchala, amene anazolowera kugula ng'ombe zowonda motchipa miyezi imeneyo, anaizungulira mfule ya alamu kawiri, akuisisita pamsana, n'kufunsa ngati inachokera kufamu. Nkhani inamveka, ndipo chaka chotsatira anthu anayamba kubwera.

Zaka zimenezo ndi zimene ndimazikumbuka kwambiri. Kukangoyamba kuzizira, pakhomo pa alamu pankadzaza m'mawa uliwonse. Wina wabwera ndi thumba la madeya panjinga, wina ndi chigubu cha molasesi, mayi wina wamasiye ndi mchere m'kambale. Aliyense ankabweretsa chimene ali nacho, alamu n'kusakaniza, n'kuumba, n'kugawa. Anthu ankaima mozungulira atapinda manja m'khwapa, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, wailesi ikulira pawindo, akulu anga akuyendetsa tiyi m'makapu osafanana. Fungo la molasesi linkalowa mpaka m'nsalu zanga, moti kasitomala wina anandifunsa ngati ndimasokera m'bekale.

Munthu asananyamule njerwa yake, alamu ankamuimitsa n'kumuuza malamulo, chala chili m'mwamba. Ng'ombe iyambe yadya udzu, isanyambite ndi njala. Matole aang'ono asaifike. Ndipo koposa zonse, njerwa isanyowe, chifukwa yureya ikasungunukira m'madzi ng'ombe n'kumwa, ndi poizoni. Ankabwereza mawu omwewo kwa aliyense mpaka anthu ankawatsanzira akamapita.

Mnzawo wapamtima anali akalipentala a kumunsi kwa msewu, munthu wamtali, wowonda, wa pensulo kukhutu. Zikombole zonse za alamu anakhoma ndi iwowo. Anali ndi ng'ombe ziwiri zokha, ndipo imene ankainyadira inali mfule yofiira yotchedwa Kapitawo, chifukwa inkakonda kuima pachulu n'kumayang'ana zinzake zikudya. Ankaisunga kuti adzaigulitse mwana wawo wamkazi akamapita kukoleji.

Tsiku lina akalipentala anaika njerwa m'bafa lakale lachitsulo, n'kupita kukakhoma denga kutsidya kwa tawuni. Kumwamba kunali koyera. Chapakati pa m'mawa kunabwera mitambo, kunayamba kamvula kowaza kamene kamagwa nthawi zina m'nyengo yozizira, kosatokosa n'komwe fumbi. Koma m'bafamo madzi anadikha, ndipo Kapitawo anamwa, poti anali otsekemera.

Ndinamva kukuwa kwa akazi awo a akalipentala ndisanawaone. Alamu anathamanga, msana uja anauiwala. Alangizi anali atawauzapo kuti zikatero mankhwala apafupi ndi viniga, ndiye anandikuwira kuti ndikatenge yense amene ali kugolosale. Nditafika ndi mabotolo m'chitenje ndinapeza Kapitawo ali gone, mimba itafufuma ngati ng'oma, thovu lili kukamwa, thupi lonse likunjenjemera. Alamu anagwada m'matope, anaikweza mutu, n'kumaithira viniga pang'onopang'ono m'mbali mwa kamwa. Tinatuma munthu kwa alangizi, koma anali atapita kumaphunziro kutali. Dzuwa likupendeka, Kapitawo anatambasula miyendo.

Akalipentala anafika ali ndi sowo m'manja. Anayang'ana ng'ombe yawo, anayang'ana bafa, kenako anayang'ana alamu amene anali chigwadire.

"Mwandiphera ng'ombe ndi feteleza wanuyo."

Anthu onse amene analipo ankadziwa kuti malamulo aja akalipentala anawamva kambirimbiri. Ine ndinatsegula pakamwa, koma alamu anandiyang'ana, ndinatseka. Anadzuka movutika, anatola mabotolo opanda kanthu aja, n'kumapita kwawo. Atafika anatsuka chikombole, anachipachika pamsomali m'chipinda chosungira makasu, n'kutseka chitseko.

Chaka chotsatira kunazizira koopsa, koma pakhonde panalibe njerwa ngakhale imodzi. Ng'ombe zawo ankazipatsa masangwe ndi keke chomwaza ngati poyamba. Anthu ankabwera ndi madeya awo, iwo n'kuwabweza mwaulemu. Alangizi anabwera, anakhala nawo nthawi yaitali, anawauza kuti ngozi ngati imeneyo imagwa ngakhale m'mafamu aakulu. Alamu anangoti, "Ndamva, mayi," osasintha. Nthabwala zinatha. Ndinkawaputa dala pakampanda paja, iwo n'kungomwetulira pang'ono ngati mlendo.

Ndi akalipentala sankalankhulana. Akakumana mumsewu, wina ankayang'ana kumwamba, wina pansi. Akazi awo okha ndi amene ankakumanabe pampopi, ndipo akulu anga ankabwera ndi nkhani zoti uko nakonso munthu sakudya bwino, akungokhalira kupala matabwa. Mwana uja anapitabe kukoleji, bambo ake atagulitsa ng'ombe inatsala ija ndi makina opalira. Ng'ombe za anthu ena mumsewumo zinaonda chaka chimenecho, ndipo ya mayi wamasiye uja inafa mvula ili pafupi kugwa.

Nyengo yozizira inanso itayandikira, m'mawa wina ndinamva wilibala ikulira mumsewu. Anali akalipentala, akukankha chinthu chachikulu chamatabwa. Anaima pageti pa alamu osagogoda. Chinali chodyeramo ng'ombe cha miyendo inayi, pansi pake ataboola mabowo kuti madzi asadikhe, pamwamba atakhoma kadenga kamalata kotulukira mbali zonse. Alamu anatuluka ndi kapu m'manja. Ine makina ndinaimitsa.

"Ndinali ndi matabwa otsala," anatero akalipentala, akuyang'ana kumbali.

Alamu anachizungulira chinthucho, anasuzumira kunsi, analowetsa chala m'bowo limodzi, anagwedeza mwendo kuti aone ngati ukulimba.

"Dengali lapendekeka."

"Apendekeka ndi maso anuwo. Ndapendeketsa dala kuti madzi azitsika."

"Mabowo achepa."

"Ndiye bweretsani chobowolera, musangoima ngati Kapitawo."

Dzina lija litatuluka, alamu anatembenukira kunyumba n'kukuwa, "Mayi, kapu ina!" Akulu anga anali ataima kale pakhomo, kapuyo ili m'manja.

Zopepesana sindinazimve, ndipo ndikukayika ngati zinachitika. Madzulo a tsiku lomwelo chikombole chinatsika pamsomali. Kuyambira pamenepo panabwera lamulo latsopano: wopanda chodyeramo chadenga sankapatsidwa njerwa ya yureya. Oterowo alamu ankawaumbira ina, yochulukira keke ndi masamba a lukina opera, imene inali yosaopsa ngakhale itanyowa. Kuti zisasokonezeke, ya yureya ankaidinda pamwamba ndi chitsekerero cha botolo. Akalipentala ankakhoma zodyeramo ndi matabwa a mabokosi akale, ndipo ambiri ankawalipira ndi nkhuku kapena dzungu. Atapezanso ndalama yogulira kang'ombe kawo, anali alamu amene anapita nawo kumsika kukasankha.

Anagwira ntchito limodzi choncho zaka zambiri, akukangana tsiku ndi tsiku. Imvi zinabwera, alangizi aja anasamutsidwa, m'malo mwawo munabwera ena. Tawuni nayo inkakula kubwera kwathu. Dambo lija analidula mapuloti, munayamba kumera nyumba za mabuloko asimenti, ndipo ng'ombe zinkayenda pakati pa mipanda kufunafuna udzu, eni nyumba akukalipa. Anthu anagulitsa ziweto mmodzimmodzi. M'mawa wa nyengo yozizira pakhomo paja pankangobwera anthu awiri kapena atatu, ena ongofuna tiyi.

Mwana wamkazi wa alamu, amene anakwatiwa kudera la minda, anati ng'ombe zotsalazo zipite kwa iye, ndipo makolo ake atsatire. Akulu anga anavomera msanga, alamu anazengereza mpaka mwendo unayamba kukoka. Tsiku losamuka kunabwera lole. Katundu anapita kutsogolo ndi galimoto ina, ng'ombe anazikweza pathabwa lalikulu. Dalaivala anatsegulira alamu chitseko chakutsogolo, koma iwo anakana.

"Izi sizinakwerepo galimoto. Zikaona munthu wozidziwa zidekha."

Akalipentala ndi anthu ena anawakankhira kumbuyo kwa lole, anakhala pa thumba la madeya pakona, atavala chijasi chimene ndinawasokera, dzanja lili pakhosi pa mdzukulu wa Mawanga. Lole itayamba kuyenda anandikuwira.

"Mlamu! Mukapeza mwamuna mundiuze, ndidzamuumbire njerwa yake!"

Ndinawatukwana mwachilamu anthu onse akumva, ndipo anaseka mpaka lole inakhota.

Kumeneko anakhalako zaka zochepa. Ndinkapitako ndikapeza mpata, n'kuwapeza atakhala pampando pafupi ndi khola, akulangiza mkamwini wawo kasakanizidwe, mkamwiniyo akungoti inde bambo, inde bambo. Anamwalira nthawi yamvula, msipu uli wobiriwira. Akalipentala anapita kumaliro ngakhale kuti maso anali atayamba kuchita khungu, ndipo anakhala pafupi ndi bokosi.

Nyumba ija akulu anga anaichititsa lendi. Mukukhala banja lachinyamata, mwamuna amagwira ntchito kubanki, mkazi ndi namwino. Pamene panali khola analimapo kadimba, ndipo masamba ake amakula modabwitsa, kabichi mpaka kulephera kulowa m'ndowa. Tsiku lina namwinoyo anabwera kudzapinditsa yunifolomu, n'kundifunsa kuti kodi dothi la pamenepo lili ndi chiyani, poti sathirapo kanthu. Ndinamukokera mpando, ndinamuuza kuti akhale pansi, yunifolomuyo ndimupindira akumva.